BMW 325i ya 1989 yomwe imawira ikatsikira ku Tete: zomwe tinapeza ndi zomwe tinasintha

Galimoto yake ndi BMW 325i, ya mtundu wa E30, ya 1989, yopangidwa ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria, zitseko ziwiri, magiya amanja. Amene munakhalako ku Joni mukuidziwa, ndi banja lija la ma BMW omwe kumeneko amawatcha Gusheshe. Injini ndi M20 ya masilinda 6 ondondozana mzere umodzi, 2.5 lita, buloko ndi yachitsulo koma hedi, mutu wa injini, ndi ya aluminiyamu, ndipo nkhani ya hediyi muisunge chifukwa ndi imene imapangitsa kuti kutentha pa injini imeneyi kusakhale kwa masewera. Ikawira kawiri katatu hedi imapindika kapena kung'aluka kumene, ndiye hedi yabwino ya M20 masiku ano siyopezeka wamba.

Eni ake ndi bambo ena achikulire a konkuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, amachita geni ya kachewere ndipo amatsikira ku Tete pafupipafupi. Mawu awo anali akuti, "Amisiri, kuno kumtunda galimotoyi ilibe vuto olo pang'ono, koma ndikangodutsa Moatize muvi wa kutentha umayamba kukwera, ndikaima pa mzere wa pa mlatho basi yawira. Pobwerera ndi chimodzimodzi pa zitunda." Nditawafunsa bwinobwino anandiuza kuti madzi amathira pafupifupi ulendo uliwonse, a pa mjigo, nthawi zina a mu mtsinje akasowa pogwira, ndipo kuti chaka chatha wina anawachotsera themositati kuti ati izizizira bwino. Anabwera atanyamula kale rediyeta ya aluminiyamu yokhuthala, mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg, pempho lawo linali loti ndingoikapo basi.

Kuti mumvetse chifukwa chake galimoto imodzi yomweyo ikhale yabwino kuno koma yodwala kumunsi, ganizirani msewu wake. Ulongwe ali pa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, mphepo yake ndi yozizira, mu June ndi July m'mawa kumachita kuluma. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi pa mamita osafika 200, ndipo mu October ndi November kutentha kopitirira madigiri 40 sinkhani yachilendo kumeneko. Rediyeta imataya kutentha molingana ndi kusiyana kwa madzi a mkati ndi mpweya wa panja. Madzi ali pa 90 mpweya uli pa 22, kusiyana ndi 68. Madzi omwewo mpweya uli pa 42, kusiyana kwatsala 48, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya rediyeta lapita musanakhudze chilichonse. Onjezanipo fumbi la malasha la ku Moatize, ma thiraki a pa N7 omwe amakukakamiza kuyenda pa giya yachiwiri kumbuyo kwawo, eyakoni ili yoyatsa, kenako zitunda zobwerera ku Mussacama kuti ukhotere ku N304. Sisitimu yofooka kuno kumtunda imabisala, kumunsi ilibe pobisala.

Ndinawauza kuti bambo, rediyetayi ndi yabwino ndipo tiyiikadi, koma sindingaiike ndisanadziwe ngati hedi ili moyo, chifukwa utsi ukamalowa m'madzi olo mutaika rediyeta ya thiraki iwirabe. Anavomera ngakhale ankaoneka kuti akuthamangira.

Tinayamba ndi mankhwala aja a buluu oyezera utsi pakamwa pa kathanki ka madzi, injini ikulira. Akasanduka achikasu ndiye kuti gasiketi yapita kapena hedi yang'aluka. Anakhalabe a buluu. Kompuresheni masilinda onse 6 anali oyandikana, mapulagi onse mtundu umodzi, palibe yoyera mbee ngati yatsukidwa, oyilo wopanda zoyera pa chivindikiro. Apa mtima unakhala pansi. Kenako geji. Ma E30 ali ndi matenda odziwika a kanati kamkuwa kuseri kwa geji ya kutentha, kakamasuka muvi umadumphadumpha n'kumanama, ndiye tinatsegula dashibodi n'kukamanga, tinayang'ananso masensa awiri a pa nyumba ya themositati, ya bulauni yopita ku geji ndi ya buluu yopita ku kompyuta ya Motronic. Zonse zinali bwino, kutanthauza kuti geji sinkanama, galimotoyi imatenthadi.

Pampu yoyezera puresha ndi imene inayamba kuulula. Titapopa, muvi wake unkatsika pang'onopang'ono, madontho anaoneka pa khosi la pulasitiki la rediyeta yakale ndi pa kabowo ka pansi pa pampu ya madzi. Chivindikiro cha kathanki chinali cha galimoto ina, rabala yake yolimba gwa, chinkatulutsa puresha isanafike olo theka la bar, bar ndi muyeso wa puresha. Cha galimotoyi chimayenera kugwira 1.4 bar. Anthu ambiri amachipeputsa chivindikiro koma taonani, madzi opanda puresha kuno ku Ulongwe amawira pa madigiri pafupifupi 96 chifukwa tili pamwamba, pomwe madzi omwewo atapanikizidwa ndi 1.4 bar sawira mpaka kudutsa 120. Ndipo akayamba kuwira sayambira mu rediyeta ayi, amayambira mkati mwa hedi pafupi ndi mavalavu a ekizosi pomwe pamatentha kwambiri, timathovu ta nthunzi timamatira pa chitsulo, nthunzi sichotsa kutentha, pamenepo mpomwe hedi imapsera geji isanafike n'komwe pa chofiira.

Tsopano themositati, apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa chizolowezi chochotsa themositati chafala kwambiri m'magalaja athu kuyambira ku Calómuè mpaka ku Matundo. Maganizo ake amakhala oti kuno kumatentha, themositati ndi ya kwa azungu kozizira, tikachotsa madzi aziyenda momasuka. Pa M20 zimenezi zimaononga m'malo mothandiza. Themositati ya injini imeneyi ili ndi ntchito ziwiri. Injini ikakhala yozizira madzi amangozungulira mkati kudzera pa kanjira kachidule osapita ku rediyeta. Ikafika pa madigiri 80 themositati imatsegula njira ya ku rediyeta, ndipo nthawi yomweyo kambale kali kumbuyo kwake kamatseka kanjira kachidule kaja. Mukaichotsa yonse kanjira kaja kamakhala pululu nthawi zonse, ndiye madzi otentha ambiri amangobwereranso mu injini osaiona n'komwe rediyeta. Zotsatira zake ndi zimene bambowa ankaona, m'mawa ku Angónia injini siitentha bwino, sensa ya buluu ija imauza kompyuta kuti kukadali kozizira, kompyuta n'kumathira petulo wambiri, mafuta akutha komanso akutsuka oyilo m'masilinda, kenako masana ku Tete pomwe mukufuna dontho lililonse lidutse mu rediyeta theka likudutsa njira yachidule. Amene anachotsayo mwina anapeza yakale itakakamira, chabwino, koma mankhwala ake anali kugula ina.

Mbali ya mpweya ndiye kunali mavuto atatu pamodzi. Fani yaikulu ya pa injini imayenda ndi kilachi ya mafuta, ikamva mpweya wotentha wochokera ku rediyeta imagwira n'kuyamba kukoka mwamphamvu, umachita kuimva kulira kwake. Iyi injini itatentha bwinobwino tinazimitsa, fani inapitiriza kuzungulira yokha kwa kanthawi, ndipo ndi chala chimodzi imangoti pee osalimba, mafuta ake anali atadontha kale, kutsogolo kwake kunali konyowa kwadzaza fumbi. Chikuto cha pulasitiki chozungulira fani panalibe, chinasweka kalekale osabwezeretsa. Popanda chikutochi fani imakoka mpweya wa m'mbali womwe ndi wosavuta kukoka m'malo mokoka wodutsa mu rediyeta. Fani yamagetsi ya kutsogolo, ija imakhala patsogolo pa kondensa ya eyakoni, inali yamoyo tikaipatsa moto mwachindunji, koma rezisita ya sipidi yotsika inali itapsa ndipo waya wa pa swichi unali wodyeka, choncho siinkayaka konse. Ndiye galimoto itaima pa mlatho wa Samora Machel, wowoloka Zambezi ku Tete, eyakoni ikulira, panalibe chilichonse chokoka kapena kukankha mpweya.

Lamulo limene ine ndimayendera ndi lakuti galimoto ikamatentha itaima n'kumazizira ikayamba kuthamanga, vuto ndi mpweya. Ikamatentha ikuthamanga kapena pa chitunda, vuto ndi madzi, kaya rediyeta yatsekeka, kaya pampu, kaya themositati. Iyi imachita zonse ziwiri.

Rediyeta yakale tisanaichotse ndinaiyendetsa kamfuti koyezera kutentha, injini ili yotentha. Kumwamba kunkawerenga kutentha ndithu koma pakati chakumunsi panali chigawo chachikulu chozizira moti umatha kuikapo dzanja, ndiye kuti timachubu ta pamenepo tinatsekeka. Titadzaitulutsa pambuyo pake, pakati pa iyo ndi kondensa tinapeza chikhatho chonse cha fumbi lakuda, njere za udzu, nthenga ndi tizilombo, zitagwirana kuyambira pansi kufika pafupi ndi theka. Kutsogolo ukamayang'ana pa gilo sungaone kanthu, zimabisala pakatipo. Madzi amene anatuluka anali ngati thobwa, ndipo titamasula boti yokhetsera madzi ya pa buloko, ili mbali ya ekizosi chakumbuyo, poyamba sipanatuluke kanthu mpaka titatokosa ndi waya. Ameneyo ndi madzi a pa mjigo opanda mankhwala, amasiya zoyera zija m'timachubu, buloko yachitsulo ikuchita dzimbiri, aluminiyamu akudyeka.

Ntchito tinayamba ndi kutsuka. Tinathira madzi osakaniza ndi citric acid rediyeta yakale ikadali pompo, n'kuliza injini mpaka itatentha, kukhetsa, kutsukuluza ndi madzi oyera mobwerezabwereza mpaka atatuluka oyera pa boti ya pa buloko ija. Osatsuka ndi rediyeta yatsopano ili pamalo, zinyalala zonse zikathera m'menemo. Pampu ya madzi tinaika yatsopano, ndipo poti pa M20 pampu simungaichotse osakhudza za taimingi, sipulingi ya tenshona imatsamira pa pampu pomwepo, tinasinthiratu lamba wa taimingi ndi tenshona yake. Bambowa samakumbuka kuti lambayo anasinthidwa liti, ndipo pa injini iyi akaduka mapisitoni amamenya mavalavu. Themositati ya 80 yatsopano, ndinayamba ndaiviika m'madzi otentha kuti ndione ikutseguka ndi maso anga. Mapaipi onse a rabala tinasintha kuphatikiza ting'onoting'ono ta pansi pa manifodi tomwe anthu amatisiya chifukwa ndi tovuta kufikira, makilampu atsopano, chivindikiro cha 1.4 bar.

Kilachi ya fani yatsopano. Kwa amene simunamasulepo, nati yake ndi 32 ndipo mazinga ake ndi a kumanzere, mukamamasula ngati nati wamba ndiye kuti mukumanga. Pali anzanga amene amakonda kuchotseratu fani ya pa injini n'kuika yamagetsi yokha, amati injini imapepukidwa. Zoona imapepukidwa pang'ono, ndipo kwa galimoto ya mpikisano ndikumvetsa. Koma kwa munthu woyenda yekha pakati pa Zóbuè ndi Moatize masana a November, ine sindingamuchotsere fani yomwe siidalira fyuzi, rile kapena waya. Mafani amagetsi otchipa a pa msika ambiri sakoka mpweya wofanana ndi fani ya pa injini ikagwira bwino, makamaka kudutsa mu rediyeta yokhuthala.

Apa mpomwe rediyeta ya aluminiyamu inafunika kuiganizira bwino. Ubwino wake ulipo, ilibe matanki a pulasitiki omwe amauma n'kusweka pakhosi, timachubu take ndi totambalala, madzi amakhudza chitsulo malo ambiri. Koma kukhuthala kuli ndi mtengo wake, mpweya umavutika kudutsa, ndiye ngati fani ili yofooka rediyeta yokhuthala galimoto itaima ikhoza kuchita zochepa kuposa yopyapyala yatsopano. Nchifukwa chake ndinakana kuiika yokha. Chachiwiri, mu E30 ya masilinda 6 malo a pakati pa fani ndi rediyeta ndi ochepa kale. Titayesa kuikhazika mpata unatsala wosakwana chala, ndipo mamaunting'i a injini anali ofewa, limodzi litang'ambika, kutanthauza kuti buleki imodzi yamphamvu pa dzenje injini ikanasunthira kutsogolo fani n'kudya rediyeta yatsopanoyo. Tinasintha mamaunting'i a injini ndi a giyabokosi, tinakonza timabulaketi ta pamwamba kuti rediyeta ipendekere kutsogolo pang'ono, mpata unafika pafupifupi mamilimita 20. Pansi inakhala pa marabala ake, osamanga chitsulo pa chitsulo, chifukwa aluminiyamu akamagwedezeka amang'aluka pa weledi, ndipo siyomata ndi sodala pa msewu ngati za mkuwa zakale zija, imafuna makina owotcherera ndi gasi wa agoni.

Chikuto cha fani tinapeza chakale kwa ogulitsa masipeya a magalimoto ophwasula, tinachidula pang'ono kuti chigwirizane ndi rediyeta yatsopano. Mipata ya m'mbali pakati pa kondensa ndi rediyeta tinatseka ndi siponji yosapsa, kuti mpweya wolowa pa gilo usathawire m'mbali. Kachinthu kotchipa koma kamathandiza kwambiri pa liwiro. Kondensa tinaitsuka kuchokera kumbuyo ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuti tizipsepse take tisapindike, chimodzimodzinso karediyeta kozizitsa oyilo ka pansi, kanali komatika matope.

Fani yamagetsi tinaiikira rezisita yatsopano, waya wodyeka tinadula n'kulumikiza wina, ma rile tinayesa. Swichi yake ya pa rediyeta yochokera ku fakitale imayatsa sipidi yotsika pa madigiri 91 ndi yokwera pa 99. Tinaika ya 80 ndi 88. Ena anganene kuti iziyaka pafupipafupi, inde ku Tete iziyaka nthawi zambiri, ndicho ndimafuna, iyambe kugwira ntchito kutentha kusanakwere osati kuthamangitsa kutakwera kale. Kuno kumtunda pa msewu siiyaka kawirikawiri. Koma swichi yotere imafuna oteneta yamoyo, ija yochaja batire, ndiye tinayeza pa batire injini ili pa aidulo, magetsi, eyakoni ndi fani zonse zoyatsa, inagwira pamwamba pa 13.5 volts, zinali bwino.

Madzi ake. Sisitimu ya galimotoyi imalowa malita 10 ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Ku Ulaya amasakaniza madzi ndi kulanti, mankhwala othira mu rediyeta, theka ndi theka chifukwa cha chisanu choumitsa madzi. Kulanti amakweza pang'ono powirira ndipo ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri, koma sanyamula kutentha ngati madzi enieni, ndiye kuno ine ndimaika gawo limodzi la kulanti wosasungunula pa magawo awiri a madzi a batire, aja osungunulidwa opanda mchere. Kuchepetsa kupitirira pamenepo mankhwala a dzimbiri amachepa, ndipo hedi ya aluminiyamu, rediyeta ya aluminiyamu ndi buloko yachitsulo zili m'madzi amodzi popanda mankhwala zimadyana. Madzi a pa mjigo ayi, pokhapokha mwafa pa msewu, ndipo mukafika kunyumba mukhetse.

Kutulutsa mpweya pa M20 kumafuna kudekha. Tinakweza kutsogolo kwa galimoto, tinamasula kasikuluu ka pamwamba pa nyumba ya themositati, mnyamata wanga akuthira pang'onopang'ono mu kathanki ine ndikufinya paipi ya pamwamba, mpaka pa kasikuluu patayamba kutuluka madzi okhaokha opanda thovu. Kenako kuliza injini mpaka themositati itatseguka, paipi ya pansi n'kutentha, kumasulanso pang'ono, kutseka osakakamiza chifukwa kamathyoka msanga. Tinaisiya kuti izizire usiku, m'mawa tinaonjezera pang'ono pomwe inatsika. Mpweya ukatsala mkati muvi umakwera mwadzidzidzi n'kutsikanso, munthu n'kumati rediyeta yatsopanoyo ndi yabodza.

Kuyesa kwenikweni sikukanachitikira ku Ulongwe, ndiye tinatsika nawo limodzi bambowa pa ulendo wawo wa geni, kumapeto kwa October. Ndinanyamula kamfuti kaja, poima paliponse ndimayeza pa nyumba ya themositati. Kumtunda inkakhala pa 82 mpaka 84, muvi pang'ono kumanzere kwa pakati, ndipo inafika pamenepo msanga tisanatalikire tauni, zomwe kale sizinkachitika. Ku Moatize kumbuyo kwa ma thiraki, eyakoni yoyatsa, 87. Titawoloka mtsinje wa Revúboè n'kufika pa mzere wa pa mlatho, panja pali 41, tinaisiya ikulira osazimitsa mpaka titawoloka, inakwera kufika 92 n'kuima pomwepo, fani yamagetsi ili pa sipidi yokwera ndipo ya pa injini ukaponda pang'ono umaimva ikubangula. Pobwerera pa zitunda za ku Mussacama ndinawapempha kuti bambo ipondeni mmene mumaipondera, anaipondadi, sinadutse 90. Kusiyana kwa paipi ya pamwamba ndi ya pansi kunali madigiri 8 mpaka 10 ndipo rediyeta yonse inali yotentha mofanana, popanda chigawo chozizira. Tsiku lotsatira madzi mu kathanki anali pa mzere pomwe tinawasiya.

Chimene chatsala ndi hita ya mkati. Tinaipeza italumphitsidwa kale ndi paipi chifukwa imadontha pa kapeti, ndipo ya E30 sinapezeke nthawi imeneyo, ndiye tinangoika paipi yabwino yopindika m'malo mwa yothyoka inalipoyo. Ndawauza kuti aitanitse isanafike June, chifukwa popanda hita galasi lakutsogolo m'mawa wa ku Angónia silioneka, komanso hita ndi rediyeta yaing'ono yothandiza tsiku lomwe zinthu zavuta pa chitunda. Ndawauzanso kuti aziyang'ana madzi injini ili yozizira basi, osatsegula chivindikiro itatentha, azisunga botolo la madzi osakaniza kale mu buti, pakati pa kondensa ndi rediyeta tizipatsuka mvula ikatha udzu ukayamba kuuma, kulanti tidzakhetsa pakatha zaka 2, lamba wa taimingi pakatha zaka 4 olo asanafike makilomita ake, ndipo tsiku lake ndalemba ndi penti pa chivindikiro cha taimingi.